The Long Dark: gemu imene machesi amaposa mfuti

Pa magemu onse a kupulumuka m'tchire amene ndasewerapo, The Long Dark ndi imene ndimaibwererabe, komanso ndi imene timatsutsana kwambiri ndi osewera anzanga. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti gemuyi ndi yochedwa: umangoyenda, kutola nkhuni, kusungunula chipale chofewa, kugona, kudzuka n'kuyambiranso. Sindikana, ndi mmene ililidi. Koma ine kuchedwa komweko ndi kumene ndimakukonda, ndipo malo amene gemuyi imandikhumudwitsa ndi amene imachita ngati ikuopa kuti wosewera atopa nayo n'kuyamba kumuponyera zoopsa zosafunikira.

Anaipanga ndi a Hinterland Studio, kampani ya ku Canada imene anaiyambitsa Raphael van Lierop. Ndalama zoyambira anazisonkhetsa mu 2013 pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama kwa anthu, mu 2014 anaitulutsa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, isanathe kuti anthu azisewera uku ikukonzedwa, ndipo yathunthu inatuluka pa 1 August 2017. Ilipo pa kompyuta, pa PlayStation, pa Xbox, ndipo kuyambira 2020 pa Nintendo Switch. Nkhani yake imachitikira pa chilumba chongopeka cha Great Bear, kumpoto kwa Canada. Mphamvu ina yochokera kumwamba yasokoneza maginito a dziko, magetsi onse azima, magalimoto aima, ndege zagwa. Anthu anathawa kapena anafa. Mulibe mizukwa kapena zilombo zongopeka ngati za mu gemu ya The Forest. Muli iwe, chisanu, ndi nyama za kumeneko basi.

Zinthu zimene umayang'anira ndi zinayi: kutentha kwa thupi, kutopa, ludzu ndi njala. Chimodzi chikatheratu, moyo umayamba kutsika. Koma zinayizi sizilingana mphamvu, ndipo munthu akazindikira zimenezi ndiye kuti wayamba kuidziwa gemuyi. Njala imapha pang'onopang'ono, utha kupirira nayo masiku. Ludzu limafulumirako. Chisanu chokha sichinyengerera, pa maola ochepa chabe watha. Ndiye wosewera watsopano amene amathamangira kufuna chakudya ndi mfuti amapezeka atauma panjira chikwama chili chodzaza ndi zitini. Chimene chinamupha ndi masokosi onyowa ndi mphepo imene sanaiwerengere.

Ndifotokoze za moto, chifukwa ndi pamene mtima wa gemuyi uli. Kuti uyatse moto umafunika choyatsira, zoyatsira zouma ngati nyuzipepala, ndi nkhuni. Gemu imakuonetsa mwayi woti motowo uyaka, ndipo poyamba mwayiwo sukhala wodzaza. Ukakanika, machesi amodzi apita. Taganizani muli m'phanga, kunja kukuwomba chimphepo, chizindikiro cha kutentha chafiira, m'bokosi mwatsala timitengo titatu. Mukhwatcha koyamba, kabwalo ka pa sikirini kosonyeza mmene kuyatsa kukuyendera kazungulira mpaka pakati, kazima. Pamenepo manja amachita thukuta zenizeni. Osewera akale anapeza nzeru yake: umayatsa muuni ndi kamtengo kamodzi, kenako n'kumayesa kuyatsa moto ndi muuniwo kangapo konse mpaka utheke. Enanso amasolola muuni pamoto umene ukuyaka n'kuyenda nawo, ukamazima n'kuyatsira wina, kunyamula moto umodzi kuchoka nawo nyumba ina kukafika ina. Ukapeza galasi lokulitsira zinthu, umasangalala kuposa kupeza mfuti, chifukwa tsiku lililonse la dzuwa uyatsa moto panja osawononga machesi. Palibe pamene gemu imakuuza zonsezi. Umazitulukira wekha kapena kumva kwa anzako, ndipo ukazidziwa umamva kuti ndi zako.

Madzi nawo amadalira moto womwewo. Umasungunula chipale chofewa m'chitini kapena mumphika, kenako uwiritse, apo ayi ukhoza kudwala kamwazi. Ukauiwala mphika pamoto, madzi amaphwa. Ukaiwala nyama, imapserera. Choncho ukakhala pamoto sumangokhala: mbali ina nyama ikupsa, mbali ina madzi akuwira, iwe ukusoka jekete long'ambika, diso lili pa mphindi zimene zatsala kuti nkhuni zithe. Ndimakonda kwambiri nthawi zimenezi. Ndi ntchito zazing'ono, koma iliyonse ili ndi mtengo wake wa nthawi, wa mphamvu za thupi, ndi wa kuwala kwa tsiku.

Katundu amene unganyamule osalemedwa ndi makilogalamu 30, ndipo ukatopa malirewo amatsika. Zovala zimene wavala zimawerengedwa momwemo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mfuti yaikulu ndi yolemera, nkhwangwa ndi yolemera, chogonera chopinda sungachisiye. Ndiye pakhomo pa nyumba iliyonse umaima n'kumadzifunsa: nditenge nyundo iyi kapena malasha? Ukadzaza kwambiri umayenda mokwawa, sungakwere chingwe pathanthwe, ndipo pamalo otsetsereka ubinya bondo la phazi kapena dzanja. Dyera limalangidwa msanga mu gemuyi, ndipo chilangocho umachiona kuti wachiitana wekha.

Mapu sakupatsa. Palibe kadontho kosonyeza pamene waima. Ukafuna mapu, utole makala pamoto wozima, ukaime pamalo okwera kunja kukuwala, ujambule wekha kachigawo kakang'ono. Anthu ambiri amadana nazo zimenezi n'kukatsegula mapu a pa intaneti. Sindiwaweruza, koma ndimawamvera chisoni pang'ono, chifukwa akudzimana chinthu chokoma kwambiri. Dera la Mystery Lake, kumene ambiri amayambira, ndinalidziwa ndi mapazi: njanji imene imadula pakati, nyumba ya Camp Office m'mbali mwa nyanja yokhala ndi mbendera panja, timisasa ta asodzi pamwamba pa madzi oundana, damu la Carter kumapeto, kanyumba ka mlenje kobisika kuseri kwa mapiri. Tsiku lina chifunga chinandipeza pakati pa nyanjayo, kutsogolo osaoneka ngakhale mapazi khumi. Ndinayenda molunjika mpaka ndinagunda gombe, n'kulitsata ndi dzanja lamanja, kenako ndinazindikira mwala wina wopendekeka umene ndinkaudutsa nthawi zonse. Kuchoka pamwalapo ndinadziwa kolowera. Mpumulo umene ndinaumva nditaona denga la nyumba likutulukira m'chifungamo sindinaupezepo mu gemu ina iliyonse, ndipo ukanakhala wopanda pake ndikanakhala ndi muvi pakona ya sikirini wondilozera njira.

Akhwangwala amathandiza. Ukawaona akuzungulira malo amodzi, pansipo pali mtembo wa munthu kapena wa nyama. Nthenga zawo zimene zimagwera pomwepo ndi zimene umapangira mivi.

Mu mbali imene amaitcha Survival, ukafa wafa. Sevu yako imafufutidwa, ngakhale unakhala masiku mazana. Apa ndi pamene osewera amagawanika kwambiri. Ena amati munthu wa ntchito ndi banja sangataye masabata akusewera chifukwa cha kuterereka kamodzi pathanthwe, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Mu 2024 opanga gemu anawonjezera mwayi woti ukafa utha kusankha kubwerera, koma molipira: umadzukira kwina, katundu wako watayika kapena wachepa, ndipo thupi silikhalanso ndi mphamvu zonse. Osewera ena akale anakwiya nazo, ati zachotsa ulemu wa gemu. Ine sindinakwiye, poti palibe amene akukukakamiza kusankha zimenezo. Koma sindizigwiritsa ntchito. Kudziwa kuti palibe kubwerera ndi kumene kumandichititsa kuyang'ana kumwamba ndisanatuluke, kumvetsera mphepo, n'kusintha maganizo pakhomo. Mantha amenewo akachoka, kutola nkhuni kumasanduka ntchito wamba.

Tsopano za mimbulu, pamene pali dandaulo langa lalikulu. Gemu ikamayamba imalemba yokha kuti mimbulu yeniyeni siikonda kuukira anthu, ndipo kuti khalidwe la nyama zamu gemumu ndi lopeka, lochokera ku chisokonezo cha maginito chija. Chabwino. Ndipo kapangidwe kake kali ndi nzeru: ukanyamula nyama yaiwisi kapena matumbo, fungo limakwera, mimbulu imakutsata kuchokera kutali. Utha kuigwetsera kachidutswa ka nyama kuti ikusiye, utha kuiopseza ndi muuni, utha kuyenda chowerama kuti isakuone. Ukamva kuuwa kumbuyo kwako, mtima umadumpha. Zonsezi n'zabwino. Vuto ndi kuchuluka. Pa Stalker, umodzi mwa milingo yovuta ya gemuyi, mimbulu imakhala paliponse, moti ulendo wochoka pa garaja ya Quonset ku Coastal Highway kupita kunyanja umasanduka kuzemba agalu mphindi iliyonse. Mmbulu woyamba umaopsa. Wachikhumi pa tsiku lomwelo umangotopetsa. Ndipo ukakugwira, nkhondo yake ndi kungodinadina batani mofulumira, chinthu chimene sichigwirizana ndi gemu imene kwina konse imafuna kuganiza modekha. Ku Bleak Inlet anaikako mimbulu ya mtundu wina imene imabwera pagulu n'kukuzungulira. Ena amaikonda. Ine ndimaona ngati gemu ina yalowerera mu imene ndimaikonda.

Chimbalangondo ndiye anachipanga bwino. Chimakhala chimodzi kapena ziwiri m'dera lonse, chimayenda njira yakeyake, umachimva kupuma usanachione, ndipo akhwangwala amachitsata. Kuchisaka kumafuna kukonzekera: upeze pokwera kapena pothawira, uchilase, kenako uchisiye chikafe ndi kutaya magazi, mawa ukachifunefune. Chikakugwira chimakung'ambira zovala n'kukusiya uli pafupi kufa. Nyama ya moose, ija yaikulu ya nyanga zotambalala, imasowa kwambiri, koma ikakuponda imathyola nthiti ndipo umavutika masiku ambiri. Nyama zoterezi zimaopsa chifukwa sizioneka kawirikawiri. Nkhani ya cougar, mphaka wamkulu wa m'mapiri, ikusonyeza zomwezi. Atamubweretsa koyamba mu 2024, ankangokugwera popanda kumuona akuyenda m'tchire, osewera anadandaula kwambiri, ndipo a Hinterland anamuchotsa n'kukamukonzanso kuti akhale nyama yooneka, yoti utha kuizemba kapena kuisaka. Ndinawalemekeza pa zimenezo. Osewera a gemuyi savutika ndi kufa, chimene amakana ndi kufa popanda chimene akanachita.

Milingo ya kuvuta ilipo Pilgrim, kumene nyama zimakuthawa, Voyageur, Stalker, Interloper, ndi wina wovutitsitsa wotchedwa Misery umene unabwera pambuyo. Muthanso kudzikonzera wanu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza mtendere: chisanu choopsa, katundu wosowa, mimbulu yochepa. Koma ndiyenera kunena za Interloper, chifukwa ndi pamene gemuyi imaonetsa zonse zimene ili nazo. Kumeneko mulibe mfuti. Mulibe mpeni kapena nkhwangwa yoti n'kutola. Zovala zabwino kwambiri sizipezeka, ndipo dziko limazizirirabe masiku akamapita. Umayamba uli panja, nthawi zambiri usiku kapena kukuzizira koopsa, opanda ngakhale machesi.

Kuti ukhale ndi mpeni, uyenera kuusula wekha. Ndiye upeze nyundo yaikulu, upeze sowo yodulira zitsulo, utole zidutswa za chitsulo, usonkhanitse malasha m'migodi kapena m'mapanga, kenako uyende ulendo wopita kumene kuli ng'anjo. Zodziwika kwambiri ndi zitatu: m'chombo chakufa cha Riken ku Desolation Point, pa famu yakale ya banja la Spence ku Forlorn Muskeg, ndi m'nyumba yokonzera sitima ku Broken Railroad. Ng'anjoyo iyenera kufika madigiri 150, ndipo nkhuni zokha sizingafikitse pamenepo, pamafunika malasha. Ku Forlorn Muskeg njira yake imadutsa padambo la madzi oundana osalimba. Ukaponda polakwika umamva kung'aluka pansi pa mapazi, ndipo uli ndi kamphindi kochepa kobwerera, apo ayi wagweramo, zovala zonse zanyowa, chisanu chakulowa m'mafupa. Uta nawo sufulumira: kamtengo ka maple kayenera kuuma m'nyumba masiku 6, timitengo ta birch ta mivi masiku 4, matumbo opangira chingwe masiku 5. Chikopa cha mmbulu chimauma masiku 7, cha chimbalangondo 12. Ndiye umasiya zinthu zikuuma nyumba ina, n'kupita kukasula mitu ya mivi dera lina, n'kubwerera. Tsiku limene walasa gwape woyamba ndi uta wopanga wekha, umadziwa chiyambi cha chinthu chilichonse chimene chili m'manja mwako: kumene unadula kamtengo, kalulu amene anapereka matumbo, phanga limene unatolamo malasha. Magemu ena amakupatsa zida zana pa ola limodzi, ndipo palibe chimodzi chimene umachikumbukira.

Mankhwala ake ndi a m'tchire momwemo. Ndere zolendewera pamitengo zimatsuka bala kuti lisavunde, tizipatso ta rose hip timapha ululu, bowa wa reishi amagwira ntchito ngati mankhwala opha tizilombo, tiyi wa makungwa a birch amabwezeretsa mphamvu. Mabango a cattail a m'mbali mwa madzi ndi chakudya chimene sichiwonongeka, ndipo apulumutsa osewera ambiri kuposa chitini chilichonse. Pa milingo yovuta, nyama ya mmbulu ndi chimbalangondo ikhoza kukupatsa njoka zam'mimba ngakhale yapsa, mpaka luso lako lophika litafika pamwamba.

Pali dandaulo lina limene ndimalivomereza theka. Ukapeza uta, malaya a chikopa ndi nyumba yabwino, gemu imafewa. Masiku amayamba kufanana. Osewera ena anatulukira kuti utha kukhala ndi njala usana wonse n'kudya pang'ono pogona, thupi n'kuchira m'tulo, ndipo ankangogona m'nyumba kuwerenga masiku mpaka 500. Opanga gemu anayankha m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mphoto: ukakhala maola 72 osafika pa njala yeniyeni, umapatsidwa mphamvu yonyamula makilogalamu 5 owonjezera. Imeneyi ndi yanzeru, chifukwa imakukopa osakukakamiza. Yachiwiri ndi matenda otchedwa Cabin Fever: ukakhalitsa m'nyumba masiku angapo, umalephera kugona m'nyumbamo mpaka utakhalako panja. Imeneyi sindiikonda kwenikweni. Munthu amene akusoka malaya a chimbalangondo, ntchito yotenga maola ambirimbiri, amalangidwa ngati waulesi, n'kukagona m'galimoto yakufa kapena m'phanga pakati pa chimphepo. Komabe ndaona kuti imanditulutsa panja, ndipo panja ndi pamene gemuyi imakoma. Mankhwala enieni a kutopa kwa masiku akutsogolo ndi kusamuka: kusiya nyumba yofunda n'kupita kukakwera Timberwolf Mountain kumene kuli mabwinja a ndege pamwamba, kapena kulowa Hushed River Valley kumene kulibe nyumba ngakhale imodzi, kapena Ash Canyon ndi milatho yake yazingwe. Gemu siikutuma kumeneko. Ukadikira kuti ikutume, utopa nayo ndithu.

Mbali ya nkhani, Wintermute, ndidutsapo msanga. Umasewera ngati Will Mackenzie, woyendetsa ndege, ndi Dr. Astrid Greenwood, amene anasiyana ndege yawo itagwa. Mawu awo anawalankhula Mark Meer ndi Jennifer Hale, ndipo anagwira ntchito yabwino. Zigawo ziwiri zoyamba zinatuluka mu 2017 n'kukonzedwanso mu 2018, chachitatu mu 2019, chachinayi, cha kundende ya Blackrock, mu 2021. Osewera ambiri anadandaula ndi kutalika kwa nthawi yodikira pakati pa zigawo, ndipo ndi dandaulo loona. Koma vuto langa ndi lina: nkhaniyi imakusandutsa mtumiki. Mayi wokalamba wa ku Milton akufuna nkhuni ndi chakudya, mlenje wovulala akufuna mankhwala, wina akufuna ichi, pita ukatenge, bwera. Dziko lomwelo limene mu Survival limakusiya kuganiza wekha, kuno limakulembera mndandanda. Ndi yothandiza pophunzira mabatani ndi madera, koma amene angaweruze The Long Dark ndi Wintermute yokha sanaione.

Tina ndi tina timakwiyitsa. Sungadumphe, moti kachipika kofika m'bondo kamakutsekera njira. Sungagwetse mtengo woimirira, umangodula nthambi zakugwa kale. Ukayang'ana pansi suona miyendo yako. Kusanja katundu m'makabati kumadya nthawi. Amene amakonda kumanga malinga ndi nyumba zosanja ngati m'magemu ena a mtundu uwu sapeza zimenezo kuno.

Maonekedwe ake ali ngati chithunzi chojambula ndi penti, osati kuyesa kufanana ndi kamera, ndipo n'chifukwa chake sakukalamba ngakhale gemuyi yatha zaka zoposa khumi. Kutuluka kwa dzuwa ku Pleasant Valley, dera limene dzina lake limanamiza poti ndi la zimphepo zoopsa, kumandiimitsa ngakhale ndikudziwa kuti kuima kukundidyera kutentha. Usiku wina kumwamba kumayaka kuwala kobiriwira kwa aurora, ndipo magetsi akufa aja amadzuka: mababu amaphethira, mawailesi amalira, makompyuta amaonetsa mauthenga a anthu amene anachoka, nthambo zogwa pansi zimatha kukuwotcha, nyama zimalusa kuposa kale. Sewerani ndi mahedifoni. Phokoso la mphepo likasintha, ndiye kuti nyengo ikusintha, ndipo khutu limadziwa zimenezi diso lisanaone.

Ngati mukuyamba kumene, sankhani Survival pa Voyageur, muyambire ku Mystery Lake kapena Mountain Town, ndipo musatsegule mapu a pa intaneti mpaka mutafa kangapo. Zowonjezera za Tales from the Far Territory, zimene zinayamba kutuluka mu December 2022 ndi madera ngati Forsaken Airfield, zisiyeni kaye. Madera a mu gemu yoyambayo ndi okwanira miyezi. Mu December 2024 a Hinterland analengeza gemu yachiwiri, Blackfrost, imene idzalole kusewera ndi anzako. Ndikuiyembekezera, koma ndili ndi nkhawa imodzi: zambiri zimene ndayamikira pano zimachokera pa kukhala wekha, popanda wokubwereka machesi, ndipo ndikufuna kuona ngati kuzizira kudzaopsebe pamene pali mnzako woyatsa moto iwe ukutola nkhuni.